Wa Nambala 41

Ku Galway mvula siigwa, imayenda chopingasa.
Ndimalowa m'fakitale kusanayere,
tsitsi m'kaneti, manja m'magolovesi, nsapato zokuta,
ngati wopita kukaona khanda la eni ake.

Patebulo panga pagona waya.
Kutalika amandiposa ndi chikhatho chimodzi,
kunenepa kwake ndi titsitsi tinayi tophatikiza.
Timamupempha zosemphana:
limba, koma usalase;
terera, koma usapulumuke chala chokugwira;
ndikakupotoza kuno kumchira
tembenuka uko kumutu nthawi yomweyo,
usasunge mangawa m'thupi
n'kudzakwapula mwadzidzidzi
m'kati mwa mtima wa munthu.

Wa nambala 38 anakwapula.
Wa 39 anachuluka ulemu:
atafika pa mafuta ouma otseka njira
anagwada, n'kubwerera.
Wa 40 sindikonda kumukamba.
Fiachra anabwera ndi mtima wa nkhumba m'bokosi la ayezi,
wogula kophera nyama m'mawa womwewo.
Tinalowa bwino, tinakhota mphambano ziwiri,
pa yachitatu nsonga inaboola khoma la mtsempha
n'kusuzumira kunja, phee, yonyezimira.
Palibe anayankhula.
Fiachra anavula magolovesi n'kupita kukatereka ketulo.

Lachinayi kunabwera Dokotala Breathnach
ndi ambulera yothyoka nthiti.
Mapepala anga sanawayang'ane n'komwe.
Anatenga waya, napinda nsonga pa singano
monga wopinda tsitsi la mwana ndi chala,
namulowetsa m'mitsempha yathu ya galasi,
natsinzina.
"Uyu ndi gonthi," anatero.
Ndinati, galamu imodzi pansonga, monga munapemphera.
"Manambala ndi anu, Sibéal.
Ine pagalasi la ekisire ndimaona chithunzithunzi chabe,
kamzere kakuda kovina m'nkhungu.
Zotsalazo zimandipeza kudzera m'zala.
Ndipatseni waya woti akagunda khoma azindiuza."

Ndinapita kunyumba wapansi tsiku limenelo, ndili fuu,
kutsata mtsinje wa Corrib,
kuyankha mayi uja mumtima mayankho akuthwa
amene pamaso pake sanabwere.

Masabata asanu ndi awiri.
Mwala wonolera ukudya chitsulo pang'onopang'ono
mpaka msana wa waya utawonda chakumutu
ngati mchira wa buluzi.
Ndinachotsa choterera pa kansonga penipeni,
malo osakwana njere ya mpunga,
kuti pakhale pomvera.
Ndinakulunga pulatinamu pansi pa maikulosikopu
kufikira khosi litauma gwaa,
mpweya ndikuugwira, pakuti ngakhale kupuma
kumagwedeza dziko laling'ono chotero.

Atabweranso anatsinzina nthawi yaitali.
Kenako anati, "Hm."
Basi. Ndiye chiyamiko chonsecho.

Lero wa 41 ali ndi dzina lina pabokosi,
dzina losankhidwa ndi anthu ovala mataye.
Amagwira ntchito mphindi makumi awiri, mwina atatu:
kulowa padzanja, kukwera mkono, kutsikira kumtima,
kutsogolera zinzake zimene zidzatsalemo,
iye n'kusololedwa, n'kuponyedwa m'bini yachikasu.
Wodwala akadzuka amathokoza dokotala.
Ndi bwino choncho.

Koma ndatenga chizolowezi choipa.
M'basi yopita ku Salthill sindiyang'ana nkhope,
ndimayang'ana manja ogwira chitsulo.
Dzulo, bambo wina wa kapusi yonyowa,
akudandaulira mnzake za mtengo wa malasha,
mkono wa jekete unatsetsereka,
ndipo apo, pomwe manesi amamvera kugunda,
kadontho koyera, kochepa ngati chitowe.

Funso linafika mpaka pamano.

Mwina anali waya wa kampani ina.
Mwina inali mbedza ya nsomba, kalekale ali mnyamata.
Ndinangomupatukira potsika.
Ananyamula thumba la mbatata paphewa
nayamba chitunda cha kutchalitchi,
ine ndikuwerenga mapazi ake pawindo la nthunzi,
makumi atatu, makumi anayi,
osaima kuti apume,
mpaka basi inakhota.